Nthomba Itachoka ku Kamphanda

Ndola,
2 Okutobala 1956

Kwa mlongo wanga Eneless,

Landilani moni wonona ngati mafuta a nkhosa. Ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko pamodzi ndi alamu anga aBenson, akazi anga aKeziah ndi mwana wanga Perpetua. Ntchito ya m'sitolo ikuyenda. Tsopano bwana anandipatsa tebulo langalanga ndi cholembela cha inki, moti anthu ena akamalowa amandivulila chipewa.

Koma ndili ndi dandaulo. Miyezi itatu yatha popanda kalata yochokela kumudzi. Kodi ku Kamphanda mapepala anatha, kapena manja anu anatupa? Ndinatumiza nsalu ya maluwa mu Julayi, ngakhale zikomo sindinamve. Vuto la anthu a kumudzi ndi limeneli, nthawi simuiwelenga.

Mukapeza wobwela kuno mumupatsile nshawa zosenda theka la thumba, zofiila zija, chifukwa za kuno n'zofumbwa. Ndiponso muwauze aKeziah akajambulitse chithunzi ku Boma la Petauke atavala nsaluyo. Anzanga sakhulupilila ndikamawauza kuti kwa Kalindawalo konse kulibe mkazi wowala nkhope ngati wanga.

Ndine mlongo wanu,
Whiteson Nyendwa


Kamphanda, kwa Kalindawalo,
11 Novembala 1956

Alongo anga aWhiteson,

Moni. Kalata yanu ndailandila mailo, dzulo lomweli. Inagona ku Boma masabata asanu chifukwa njila ya kwathu inali yotsekedwa. Manja athu sanatupe ai. Anali kukumba manda.

Nthomba inalowa m'mudzi mu Ogasiti. Taika anthu khumi ndi atatu. Alamu anu aBenson ndi mmodzi wa iwo, anatisiya pa 19 Seputembala. Amfumu naonso anapita, ndi ana asanu ndi mmodzi. Perpetua sinamukhudze chifukwa analandila katemela kusukulu chaka chatha. AKeziah inawagwila kwambili, koma ali moyo. Za chithunzi tidzakamba tsiku lina.

Nshawa mukufunazo palibe. Mbewu zonse tinadya pa malilo, popeza a midzi ina anali kuopa kutibweletsela ufa. Mvula ili pafupi ndipo minda sinasosedwe.

Lamulungu lapitali tonse otsala tinakhala pansi kuseli kwa chalichi. Tinawelengana, tinapeza akazi makumi atatu ndi anayi, amuna amphamvu asanu. Amuna ena asanu ndi anayi muli ku Migodi, kuwelenga nthawi. Tinasankha aRhoda, azamba athu aja, kuti aziitanitsa misonkhano mpaka mfumu ina idzalowe. Tinagwilizana kuti minda yonse tilime pamodzi ngati dima, kuyambila ya amasiye, ndipo pokolola nyumba iliyonse ithile dengu la mbewu m'nkhokwe ya mudzi, imene sidzatsegulidwa ngakhale pa malilo. Tikumbenso chitsime chathuchathu, chifukwa a tsidya anatiletsa kutunga pa dambo lao matenda atafika, tinali kumwa matope. China, timange nyumba ya odwala kumapeto kwa mudzi, pa chulu paja. Aliyense wofika kuno thupi likutentha, kapena wopanda chipsela cha katemela pamkono, ayambe wagona kumeneko.

Kwa inu pempho ndi ili: bwelani mudzalime nafe mvula imodzi yokha, inu ndi anzanuwo. Ngati simungathe, tumizani makasu khumi. Athu anatha ndi nthaka youma ya kumanda.

Nanga inu katemela munalandila?

Ndine mlongo wanu,
Eneless


Ndola,
9 Disembala 1956

Kwa mlongo wanga wokondedwa Eneless,

Moni wachisoni. Nditawelenga kalata yanu ndinalila mpaka bwana anandiuza kuti ndikapume. ABenson anali munthu. Ambuye akulimbitseni mtima.

Kubwela pakali pano sindingathe. Ino ndi nyengo ya Khisimasi, ndikachoka tebulo langa apatsa wina. Koma musayese kuti tangokhala manja lende. Ana a Kamphanda tonse asanu ndi anayi tinakumana kunyumba kwa asuweni athu aCosmas, tinakhazikitsa bungwe. Dzina lake ndi Bungwe la Ana a Kamphanda Okonda Chitukuko Okhala ku Migodi. Tcheyamani ndi aCosmas, mlembi ndine. Atsala anthu awili opanda udindo, tikuwafunila.

Maganizo anu a makasu ndi nkhokwe tinawakambilana. Malinga ndi sukulu imene munafika, ndi abwino ndithu, koma ndi aang'ono. Masiku ano a Chitaganya cha maiko atatu dziko likuthamanga, mlongo wanga. Ife tagwilizana kuti ku Kamphanda kumangidwe chipatala chenicheni, cha malata, zipinda zinayi, mazenela a magalasi, ndi khonde lodikilila odwala. Chonde musayambe kanthu kalikonse tisanakutumizileni malamulo, mungasokoneze dongosolo.

Za katemela musavutike nazo. Nthomba imagwila anthu osasamba ndi sopo. Ine ndimasamba kawili pa tsiku.

Nanga aKeziah bwanji satumiza ngakhale liu limodzi? Ngati achila, chithunzi chija chikuvuta pati?

Ndine mlongo wanu,
W. Nyendwa, Mlembi wa Bungwe


Kamphanda,
20 Januwale 1957

Alongo anga aMlembi,

Moni. Tonse tilipo, kungoonda.

Dzina la bungwe lanu ndinaliwelenga pa msonkhano. ARhoda anapempha kuti ndibweleze, akuti anatopela pakati.

Munati tisayambe kanthu. Ife tikanamvela, koma mvula sinadikile kalata yanu, inagwa pa 26 Novembala. Ndiye akazi khumi ndi awili tinayenda mpaka ku Nyampande kukapempha mbewu kwa abale a chalichi. Anatipatsa chimanga ndi nshawa, ife n'kuwalimila masiku atatu. Poyamba anali kutiyang'ana patali ngati tasenza mfiti m'madengu, mpaka mai wina anati, "Amene anadwala kale sapatsila munthu, apatseni madzi amwe."

Tinabzala mochedwa koma tinabzala. Khasu limodzi tikugwilitsa akazi atatu. Wina alima m'mamawa, wina dzuwa likakwela, wina madzulo, khasulo ndiye silipuma. Nyumba ya odwala yatha, ya dothi ndi udzu. Mazenela ake alibe magalasi, mphepo imalowa popanda kupempha. Chitsime chinafika msinkhu wa anthu awili, chinagumuka ndi mvula, tayambanso.

AKeziah akuti moni. Masana satuluka m'nyumba. Koma musade nkhawa, pali aJosiah, anasamukila kuno kuchokela ku Katete inu mutapita kale. Amafika kunyumba kwanu m'mawa ulionse, ndipo mlamu wanga akamva mau ao ndiye amatsegula chitseko.

Makasu aja tikudikilabe.

Eneless


Ndola,
17 Malichi 1957

Kwa mlongo wanga Eneless,

Moni. Ndachedwa kuyankha chifukwa m'bungwe munali mphepo. Anthu awili aja opanda udindo anafuna kuti liu lakuti Okonda lisinthidwe likhale Ofuna. Tinakangana misonkhano inayi. Pamapeto pake anatuluka n'kukayambitsa bungwe lao. Chitukuko sichibwela mophweka.

Komabe nkhani yabwino ndi iyi. Pa lole ya Lachisanu tatumiza katundu woyamba wa chipatala. Muli chikwangwani chachikulu cha thabwa la mukwa, cholembedwa ndi mmisili weniweni wa penti kuti CHIPATALA CHA KAMPHANDA. Mulinso chidindo cha bungwe, ndi malamulo makumi anayi ndi limodzi amene ndinalemba ndekha. Mukatenge ku Boma, ndipo chikwangwanicho musachiike poti chinganyowe. Nkhani ya makasu tidzaikamba pa msonkhano wa Juni.

Tsopano ndikufuna mundiyankhe bwino. AJosiah amenewa ndani? Ali ndi mkazi? Kunyumba kwanga amafika kudzatani m'mawa ulionse, ngati kulibe nyumba zina m'mudzimo? Inu ndinu mlongo wanga, ndinakusiyilani aKeziah m'manja pamene ndinawatenga kwao kudzakhala kwathu. Yankho lifike msanga, ndipo likhale lomveka.

Whiteson


Kamphanda,
12 Meyi 1957

Alongo anga,

Moni. Katundu wa chipatala anafika. Tinabweleka ngolo kukamutenga ku Boma, ng'ombe zinatopa ndithu, thabwalo n'lolemela.

Muwathokoze ammisili aja. Chikwangwani chinakwana ndendende pakamwa pa chitsime, ngati anachita kudzayesa. Tsopano mbuzi sizigwelamo ndipo ana satayilamo zinyalala. A tsidya aja anatiletsa dambo lao ayamba kudzapempha madzi kuno, akuti ndi a kuchipatala. Chidindo chinabwela chopanda inki, ndiye aRhoda amatsekela nacho botolo la palafini. Malamulo anu tinawelenga mpaka lachisanu ndi chiwili, lonena za mavalidwe a alonda a pachipata, kenako mvula inatibalalitsa. Mapepalawo ndi olimba, tafungilamo mbewu za maungu.

Takolola pang'ono. Njala ibwela, koma m'nkhokwe ya mudzi muli mbewu ya chaka chamawa, ndipo taimata ndi dothi pamaso pa onse. Wa katemela anabwela pa njinga, tinamusonkhanitsila mudzi wonse mpaka makanda, ndipo tapangana kuti tizimuitana chaka chilichonse tikatha kukolola. Chimene chikutikanika ndi ntchito ya amuna. Nyumba zisanu za amasiye zikudontha, m'chitsime mukufunika miyala, minda yatsopano ikufunika nkhwangwa. Amuna asanu aja misana yao yatha.

Munafunsa za aJosiah, ndiyankhe momveka. Mkazi alibe. Ndi munthu wa manja ofewa, wosafulumila. Zimene amachita kunyumba kwanu ndi zimene mukanachita inu mukanakhala kuno. Mailo ndinamva mlamu wanga akuseka nao, koyamba chiyambile Ogasiti.

Msonkhano wa makasu muukhale bwino.

Eneless


Kamphanda,
2 Juni 1957

Bambo a Perpetua,

Moni. Ndine Keziah. Alamu ndiwo akundilembela, ndawauza kuti alembe mau anga okha.

Ndamva kuti mukufunsa za aJosiah. Ndi nkhalamba, mano awatsalila atatu. Anadwala nthomba ali mnyamata, nthawi ya nkhondo ya Majelemani, n'chifukwa chake sanaope kulowa m'nyumba zathu pamene ena anali kutisiyila chakudya pakhomo n'kuthawa. Amabwela kudzanditsuka m'maso ndi madzi owilitsa othila mchele. Diso lakumanzele linafa. Lakumanja limaona.

Nkhope ija mumauza anzanu kulibenso. Yonse ndi maenje. Tsiku loyamba kundiona nditachila, Perpetua anabisala kumbuyo kwa azakhali ake. Tsopano anazolowela, amandipesa tsitsi. Chithunzi ndinakanila chimenecho. Nsalu ndinalandila, zikomo, ili m'bokosi.

Ngati mwaona wina kumeneko sindingakuletseni, koma mudzandiuze ndi pakamwa panu, ndisamvele kwa anthu. Musafulumile kubwela. Ndimakufunani, koma tsiku limenelo ndimaliopa.

Ndine mkazi wanu,
Keziah


Nyimba,
21 Julayi 1957

Eneless,

Kalata yanu ya Meyi ndinaiwelenga kasanu. Chilandilile imeneyo sindinamvenso kanthu kuchokela kumeneko, ndipo kukhala chete kwanu kwandiuza zonse. Manja ofewa! Ndinapempha tchuthi, bwana anakana, ndinasiya makiyi patebulo n'kutuluka. ACosmas ndawauza zonse za aJosiah anuwo, naonso akuti munthu wotele ndi woopsa m'mudzi wopanda amuna.

Ndili pa Nyimba. Lole inathyoka chitsulo titangokwela phili kuchokela ku Luangwa, tagona pano masiku awili kudikila china. Kalatayi ndapatsila bambo wina wa njinga wopita ku Petauke kuti ikupezeni ine ndisanafike. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwili. AJosiah asachoke m'mudzi. Ndavala suti, ndikufuna andione bwino.

Mutu ukundiwawa, ndi msana womwe, chifukwa cha mabampu a mseu uno. Amai ogulitsa nthochi anandipatsa ziwili zaulele koma sizikulowa. Kukomboni kwathu mwana wa nyumba yoyandikana nafe anatuluka zilonda sabata zapitazi, ine ndinamunyamula kupita naye kuchipatala, koma chinali chikuku chabe.

Makasu sindinanyamule. Sindinabwelele zimenezo.

Whiteson


Nyumba ya pa chulu, Kamphanda,
30 Ogasiti 1957

Mlongo wanga Eneless,

Moni. Ndikukuonani pa zenela mukusenza miyala ya chitsime, koma lamulo lanu likuti ndisatuluke mpaka nkhanambo yomaliza igwe, ndipo mau anga safika patali. Pepalali aJosiah akuti aliyanika padzuwa tsiku lonse asanakupatseni.

Za tsiku lija ndinafika ndikukumbuka pang'ono. Ndikukumbuka aRhoda ataima pakati pa njila ndi akazi anayi, akuti, "Bambo, pindani malaya tione pamkono." Ine ndinati, "Kodi mukudziwa kuti mukulankhula ndi mlembi wa bungwe?" Iwo anati, "Tikudziwa, tinamva dzina lonse. Pindani." Kenako nthaka inabwela kudzandimenya kumaso.

Ndinatsitsimuka muno. Thupi lonse linali moto, pakhosi ngati ndameza minga. Munthu wina anali kundidonthezela madzi m'kamwa, atafunda nsalu kumutu mpaka kumaso. Sanalankhule masiku ambili, koma ndinadziwa manja ake. Panalinso nkhalamba ina yopindika msana, imene inali kunditembenuza ndi kunditaila zonyansa. Tsiku lina ndinapeza mphamvu ndinaifunsa kuti, "Agogo, inu ndinu yani?" Inaseka, mano atatu, niti, "Ndine Josiah, mwana wanga. Ndamva unali kundifuna ndi ankhoswe. Tachila kaye, mlandu suola."

Ndinafuna nthaka indimeze, koma inali itandikana kale.

Sabata yatha ndinauza aKeziah kuti achotse nsalu ija. Anati, "Kalata yanga munawelenga, mukudziwa chimene chili pansi pake." Ndinati kalata yanji? Kenako anati, "Ndiye kuti simunabwelele ine. Munabwelela aJosiah." Anachotsa nsaluyo yekha. Ndinayang'ana. Iye anandiyang'ananso ndi diso lake limodzi, nati, "Mwaona? Tsopano dikilani ndikutungileni madzi m'mbale, muone yanu."

Ndinaiona. Aja anali kundivulila chipewa sangandidziwe.

Sanandikhululukile. Amabwela, amandisambitsa, amandidyetsa phala, koma ndikayamba kupepesa amati, "Tsegulani pakamwa," n'kulowetsa sipuni. Mailo ndi pamene anakhala pansi pang'ono kundiuza za Perpetua kusukulu.

Funso langa ndi limodzi. Kalata ya mkazi wanga ya mu Juni munailemba ndinu. Inapita kuti?

Whiteson


Kamphanda,
31 Ogasiti 1957

Alongo anga,

Kalatayo ili m'nsengwa mwanga, pansi pa nyemba. Mukanailandila mukanalila, bwana akanakuuzani mukapume, kenako mukanaitanitsa msonkhano.

Ndinakulembelani kuti mwamuna wanga wafa, simunabwele. Ndinalemba za njala, za madenga, za makasu katatu konse. Palibe bodza limene ndinalemba pa za aJosiah, welenganinso. Ndinangosiya zaka zao.

Mlamu wanga sakundilankhula chiyambile sabata yatha, ndipo ali ndi chifukwa. Ndinamulakwila, ndidzamupepesa mpaka atope. Ndinalilanso pamene munali kubwebweta mumo, ndikuganiza kuti ndakuitanilani manda. Koma aJosiah akuti nthendayo munachoka nayo ku Ndola ili kale m'thupi. Mukanagona nayo kukomboni, akanakutembenuzani ndani? Tcheyamani?

Chilani msanga. Denga langa ndi lachitatu pa mzele.

Eneless


Kamphanda,
13 Okutobala 1957

Asuweni anga aCosmas, Tcheyamani,

Moni wochuluka kwa inu ndi bungwe lonse, ndi bungwe lina lija lomwe. Kuno tili bwino.

Kalata yanu yochotsa aWhiteson pa ulembi chifukwa chojomba misonkhano itatu inafika. Ndinawawelengela ali pamwamba pa denga la aRhoda akufolela udzu. Anati ndikuuzeni kuti avomela, ndipo cholembela cha inki mupatse amene alibe udindo.

Munamva kuti anafika ndi nthomba. Anagona m'nyumba ya pa chulu masabata asanu ndi awili. M'mudzi monse palibe wina amene anadwala, ngakhale khanda. Chaka chatha nthenda yomweyo inatitengela anthu khumi ndi atatu, chaka chino yangotenga nkhope ya mlembi wanu. Amfumu a midzi itatu abwela kudzaona nyumbayo ndi nkhokwe, akufuna kukachita zomwezo kwao. Wa katemela akuti tikapitiliza chonchi adzayamba kubwela kawili pa chaka.

Manja a alongo anga anatuluka matuza sabata yoyamba, tsopano alimba. Suti ija anasinthanitsa ndi makasu anayi kwa wamalonda wa ku Boma. Lamulungu lapitali anapita kuchalichi ndi aKeziah, mlamu wanga atavala nsalu ya maluwa, nkhope poyela. Anthu anawayang'ana mpaka nyimbo yoyamba, kenako analeka. Ine mlamu wayamba kundiyankha moni, zina zidzabwela.

Nkhokwe titsegula mvula yoyamba ikagwa. Mbewu ilipo yokwanila minda yonse, koma minda itatu ya amasiye ikadali tchile, ndipo amuna tsopano ndi asanu ndi mmodzi. Sindikupemphani kuti mubwele, ndikudziwa chitukuko chakupanikizani.

Nkhani ya aJosiah imene alongo anga anakuuzani siyokamba m'kalata. Munthuyo akadali m'mudzi muno, ndipo kunyumba kwa aWhiteson analeka kufikako.

Akazi anu aMildred akuti moni. Anali kudandaula msana mwezi wathawu, koma musade nkhawa. AJosiah ayamba kufikako m'mawa ulionse.

Ndine msuweni wanu,
Eneless